Chimbale cha azakhali

Azakhali anga a ku Msumba anali ndi chimbale chimodzi chokha chokhala ndi mawu a malemu amuna awo akutsogolera kwaya. Chitayamba kudumphadumpha anandibweretsera, poti ine ndimaika nyimbo m'maukwati.

"Izi n'zazing'ono, azakhali," ndinadzitama.

Ndinali nditangomva kwa anzanga kuti mankhwala otsukira mano amachotsa zokalikakalika. Ndinapaka, koma sichinasinthe. Ndinawonjezera phulusa n'kukwecha mbali zonse ziwiri mpaka thukuta kamukamu. Nditachikweza kudzuwa, ndinaona mtengo wa mango kudzera m'chimbalemo. Zonyezimira zonse zinali zitatsalira pansanza.

Azakhali atabwera ndinachiika m'wailesi. Kunali zii.

"Bateriya yafooka," ndinanama, maso ali pansi.

M'mawa mwake ndinawaona akubwera pamchenga, atasenza bateriya yagalimoto yobwereka. Anaitula, kupukuta nkhope ndi chitenje, n'kukhala pamkeka.

"Yatsa, mwanangu. Ukweze ndithu, makutuwa ayamba kundivuta."

Ndinagwada n'kuyamba kulumikiza mawaya, kumasula, kulumikizanso, iwo atapinda manja, akudikira kuti amuna awo ayambe kuimba.