Mphira ya pa Kakolo

Jombo zomwe anatipatsa ku esiteti ya nzimbe zinali zazikulu ngati ngalawa. Ukaponda m'matope a mthirira, phazi linkatuluka, jombo n'kutsala. Ndiye tonse odula nzimbe tinkazimanga pa kakolo ndi mphira ya chubu cha njinga. Ine, pofuna kuposa anzanga, ndinkamanga zolimba kwambiri.

Chaka chachitatu phazi lamanja linayamba kuotcha kunsi ngati ndaponda makala. Zala zinkachita dzanzi. Ndime yanga inkatsala tsiku ndi tsiku, mpaka kapitawo anandiuza kuti mwezi ukatha ndikutsimphinabe, ntchito yatha, nyumba ya pa kampaundi ndituluke. Ndi ana anayi! Ndinachita mantha, sindikubisa.

Apongozi anga aamuna a ku Ngabu anati ndaponda mankhwala. Sing'anga wawo ananditema mphini n'kundimanga chingwe pa kakolo pomwepo. Ine chitsiru, ululu ukakula ndinkakokanso mphira ija, ati kuti matenda asakwere m'mwendo.

Mkazi wanga atatopa nane anandikweza pa njinga mpaka ku chipatala. Pachipata tinaonetsa makhadi a chipani, poti inali nthawi ya chipani chimodzi, tinalowa. Adokotala, bambo wa imvi, anagogoda ndi chala kuseri kwa kafupa ka m'kati mwa kakolo. Mayo ine! Moto unathamanga mpaka ku chala chachikulu.

"Bambo, mzere uwu wakulembani ndani?" anafunsa.

"Mphira ya jombo."

"Ndiye mfiti yanu ndi imeneyo. Apa pamadutsa mtsempha wopita kunsi kwa phazi, ndipo njira yake ndi yopapatiza. Inu mwakhala mukuukanyanga pakhosi zaka zitatu."

Mkazi wanga anaseka mpaka misozi. Ine ndinapsa mtima.

Chingwe cha sing'anga chija adokotala anadula pomwepo. Anandipatsa mapilitsi a chotupa ndi kalata yoti ndipume masabata awiri, phazi lili m'mwamba. M'jombo anati ndiziikamo thonje, mphira ayi. Moto uja unazima pang'onopang'ono, ngakhale dzanzi la chala chaching'ono linachedwa kutha.

Tsiku lomaliza la mwezi, kapitawo anabwera kumunda ndi munthu woti alowe m'malo mwanga. Anapeza ndime yanga yagona yonse, ine ndikunola chikwanje, dzuwa lisanafike pamutu. Anayang'ana nzimbe, anayang'ana phazi langa.

"Akapitawo," ndinatero, "mlendo wanuyo mumupatse ndime ina. Ino ili ndi mwini wake."