Chingwe cha mahedifoni a bambo

Bambo anga sankakhulupirira munthu aliyense wovala baji ya chipani, chonsecho iwonso ankavala yawo. Tinkakhala ku Chibavi, ku Mzuzu, m'nyumba ya lendi ya mdadada, ine ndikugwira ntchito yotayipa m'tauni. Bambo anabwera kuchokera ku Thyolo ati adzangotiona, koma apolisi atatenga mchimwene wanga chifukwa cha timapepala ta matipate, ulendo wobwerera unafera pomwepo. Mchimweneyo lero ali ndi zidzukulu ndi chimimba chake, koma chaka chimenecho sitinkadziwa ndende imene anali, ngakhalenso ngati ali moyo.

Kupolisi ankangotiuza kuti tibwere mawa. Chiyembekezo chathu chinali pa wailesi ina yakunja imene inkaulutsa m'chinenero chathu dzuwa likamalowa, ndipo nthawi zina inkatchula mayina a anthu amene atulutsidwa. Kuimvera kunali kudziputira tsoka, ndipo makoma a mdadadawo anali akuti mnzako akatsokomola kuseri iwe umamva. Choncho bambo ankamvera pa mahedifoni amene mchimwene anasiya, a siponji yothetheka, ine nditakhala pakhomo ngati ndikusankha mpunga.

Akamaliza ankakulunga chingwe molimba kuzunguliza wailesi n'kuibisa pansi pa matilesi. Kukulungako n'kumene kunachipha. Poyamba khutu limodzi linasiya kulankhula, kenako mawu ankabwera pokhapokha akachitsina ndi chala, mapeto ake zii. Bambo, omwe moyo wawo wonse anali kalaliki pa esiteti ya tiyi, anasanduka makaniko tsiku lomwelo. Anachidula pakati ndi lezala, napota timawaya, namata selotepi. Sichinatulutse ngakhale phokoso la udzudzu. Ndinazungulira masitolo a m'tauni osapeza mahedifoni ena. Madzulo ankafika, bambo n'kukhala pabedi atafungatira wailesi yozima, chakudya osachiyang'ana. Zinkandipweteka kwambiri kuwaona choncho.

Kumapeto kwa mdadada wathu kunali kagolosale ka bambo wina wa ku Mangochi, Msilamu wosalankhulalankhula, yemwe pambali ankakonza mawotchi ndi matochi. Baji yake inali yaikulu kuposa ya wina aliyense, ndiye bambo anamupatsa dzina la kuseri loti khutu la boma. Loweruka lina masana bambo atagona, ndinabisa wailesi ndi mahedifoni mu chitenje n'kupita komweko. Ndinanama kuti ndi omvera nyimbo.

Ataika wailesi patebulo m'pamene ndinaona chimene ndinaiwala. Bambo, poopa kusochera posaka, anali atakanda kamzere ndi msomali pagalasi, pamene pankapezeka siteshoni yoletsedwayo, ndipo kasingano kanali pomwepo. Mwini golosaleyo anayang'ana kamzereko, nandiyang'ana ine, kenako anapotoza kasinganoko mpaka pa wailesi ya boma.

“Tiyesere apa, chemwali,” anatero. “Apa m'pomveka bwino.”

Sanathamangire kudula. Anavala mahedifoni, nayamba kuyendetsa chingwe pakati pa zala zake, kupinda pang'onopang'ono, maso ali tseke. Atafika pafupi ndi kapulagi anaima.

“Matenda ali apa. Pamene madala anachita opaleshoni panalibe mlandu.”

Anandionetsa timawaya ta mkati, tosalimba ngati tsitsi, tina tofiira tina tobiriwira. Anati mtunduwo ndi utoto wotchinga moto, ndiye ukangotipota osauchotsa, timagundana koma osalankhulana. Anayatsa machesi n'kudutsitsa kalawi kunsonga kamodzi kokha, chifukwa ukachedwetsa kawaya kamapserera, kenako anapala mwaye ndi chikhadabo. Chowotcherera cha magetsi analibe. Anali ndi msomali waukulu wokhomerera ku kamtengo, umene ankauika pa mbaula yomwe ankawothera, poti kuzizira kwa Mzuzu anthu a kunyanja sakuzolowera. Msomali utafiira anadonthezera mtovu pa kawaya kalikonse, kadontho kochepa kuposa njere ya mawere. Manja ake sananjenjemere ngakhale pang'ono. Ine ndimatayipa tsiku lonse ndipo ndinkadzitama ndi zala zanga, koma zakezo ndinazisirira.

Ali mkati analowa mayi wina wodzagula parafini. “Monire ŵadada! Kasi mwayamba na mawayilesi wuwo?” anatero m'chinenero cha kumeneko, kufunsa ngati wayamba kukonzanso mawailesi.

“Yewo mama, tikuyesayesa,” anayankha, uku akuphimba galasi la wailesi ndi kansalu kopukutira, ngati akuteteza fumbi. Anamuyezera parafini, mayiyo nathokoza yewo chomene n'kutuluka.

Pomaliza anachotsa kasipuling'i mu bolopeni yakutha n'kukalowetsa pakhosi pa pulagi kuti chingwe chisamapindike pamalo amodzi. Pamwamba anakulunga ulusi wakuda mwadongosolo, mzere pambali pa mzere, n'kupaka guluu. Anandiveka mahedifoni, ndipo kwaya inandiimbira m'makutu onse awiri. Kenako, osandiyang'ana, anabwezera kasingano kaja pa kamzere ka bambo, ndendende.

“Muwauze madala asamachimange ngati mbuzi,” anatero chapansipansi. “Ndipo akamamvera, amvereko ndi dzina la mng'ono wanga. Anamutengera ku Zomba. Ine pano sindingathe, pamalowa anthu ambiri.” Ananditchulira dzinalo kawiri.

Nditawafotokozera bambo, anandikalipira kuti ndawagulitsa. Kenako anatenga chingwecho, nayang'anitsitsa ulusi uja kwa nthawi yaitali, n'kufunsa kuti dzinalo ndani. Kuyambira tsikulo ankamvera mayina awiri. Pamsewu ankangopatsana moni wamba ndi mnansi wathuyo, wina aliyense ndi baji yake, koma akamadutsa pagolosale m'mawa bambo ankapukusa mutu pang'ono, winayo n'kupitiriza kuyeza shuga.

Madzulo ena kukuwaza kamvula, ndinaona bambo atawongoka pabedi, dzanja litakanikiza hedifoni kukhutu. Wowulutsa ankatchula mayina. Ndinasiya lichero n'kuima pafupi, kuwerenga nkhope yawo. Milomo inkatsatira dzina lililonse. Pena anadzidzimuka, kenako anapitiriza kumvetsera mpaka wowulutsa anayamba nkhani zina. Anavula mahedifoni pang'onopang'ono.

“Wathu mulibe,” anatero.

Ndinalira. Iwo anawerama n'kuyamba kufunafuna nsapato.

“Mukupita kuti mvula ino, bambo?”

“Wa anzathu watuluka. Azigona osadziwa?”

Ndinawatsatira ndi ambulera. Pagolosale panali anthu, ndiye bambo anadikira mpaka womaliza atatuluka, kenako anangogwedeza mutu. Munthu wa manja osanjenjemera uja anataya sikelo ya shuga pansi. Anagwira dzanja la bambo ndi manja onse awiri, misozi ili chuchuchu, akuyamika Mulungu m'Chiyao. Atapezako mpweya anafunsa kuti, “Nanga wanu, madala?”

Bambo anapukusa mutu. “Sanamutchule, achimwene. Ndimveranso mawa.”