Nthumbwana za apongozi ndi mphamba za ku Corby

Pa nkhani yonenerera mitengo, ine sindinagonjepo. Ndinaphunzirira pa kaunjika kwathu, ndipo anyamata a m'mabutchala a ku Spinney Hill akangondiona ndikulowa amayamba kukanda m'mutu. Ndiye apongozi anga atabwera kudzaona mdzukulu wawo, n'kudandaula kuti kuno ku dziko la azungu akusowa nthumbwana za mbuzi, ndinadziguguda pachifuwa.

"Amayi, Loweruka mudya. Azungu matumbo amangotaya. Ndikawatenga ulele."

Mnzanga wa pashifiti anandilozera famu ina kuseri kwa Corby, ya nkhalamba yoweta mbuzi ndi nkhuku. Za nyama tinamvana msanga. Nditatchula matumbo, mkuluyo anapukusa mutu. Analipo, m'chidebe pakhomo pomwepo, koma akuti ali ndi eni ake.

Ndisanafunse kuti eni akewo ndani, chithunzithunzi chinadutsa pabwalo. Kuyang'ana kumwamba, mphamba! Yaikulu, yofiirira, ya mchira wa mphanda, ikuzungulira pamwamba pa nkhuku. Thupi linakumbuka lokha za kwathu. Ndinavula jekete n'kuliyatsa liwiro, uku ndikukupiza, uku ndikukuwa "Haaa! Haaa!" mpaka mbalame ija inazimirira kuseri kwa mitengo. Ndinabwerera wefuwefu, mumtima ndikuti matumbo aja ndagula ndi thukuta.

Mkulu uja anangoti kukamwa yasa.

"Mwanawe," anatero pamapeto pake, "wandithamangitsira mlendo."

Anandikhazika pa mtolo wa udzu n'kuyamba kusimba. Akuti ali mwana mbalamezi kunalibe, ankangozimva kwa bambo ake. Tsiku limene anaona yoyamba anathamangira m'nyumba, mkazi wake n'kumununkhiza m'kamwa poganiza kuti waledzera. Kenako aliyense m'deralo anakhala ndi yake nkhani. Woyendetsa thirakitala ankalumbira kuti ina inamutsatira munda wonse. Mayi wa famu yoyandikana nayo akuti inamubera sokosi pachingwe. Iyeyo anayamba kuziikira matumbo pakaphiri ka kuseri kwa khola, ndipo sanasiyenso.

"Kwathu imeneyi ndi mbava, bambo," ndinatero. "Imadya zaulele."

"Nanga iwe wadzera chiyani?"

Ndinayesa zonse zimene ndimadziwa. Ndinanyoza katundu kuti wayamba kununkha. Ndinanyamuka ngati ndikupita, mpaka kutsekula chitseko cha galimoto, koma munthu osandiitana. Ndinabwerera ndekha ndi manyazi anga n'kunena zoona, kuti kunyumba kuli apongozi, ndipo ndinalonjeza pamaso pa mkazi wanga.

Apo mpamene anaseka mpaka kutsokomola. Nayenso akuti anali nawo apongozi ake. Anandigawira theka la chidebe, ulele ndithu. Kungoti theka linalo ndikwere nalo ndine kukaphiri kaja, popeza bondo lake linayamba kuvuta. Ndipo poti mlendo wake ndamukhumudwitsa, ndizibwera Loweruka lililonse mpaka atandizolowera.

Apongozi anadya nthumbwana zawo, nakaulutsa kutchalitchi kuti mkamwini wawo amalanda zinthu kwa azungu ndi pakamwa pokha. Anabwerera kumudzi kalekale. Ine mpaka lero Loweruka likakwana ndili pa msewu wa ku Corby, mafuta anga, nsapato zili matope okhaokha, kukadyetsa mbava ya anapiye. Ndafika pomazisiyanitsa ndi michira. Tsiku lina ndinakalipira mwana wanga chifukwa cholankhula mokweza zikutera.

Ndiye tandiuzani inuyo, pamenepa anapambana ndani: ine, nkhalamba ija, kapena mphamba?