Ndere m'Thanki ya Malemu Aziz

Mayi Sumaya kwawo ndi ku Ntaja, m'boma la Machinga. Ku Joni anabwera potsatira amuna awo, a Aziz, amene ankasoka mipando ya magalimoto pafakitale ina ku Rosslyn. Ana awo awiri, Shafi ndi Sofia, anatsala kumudzi ndi agogo awo. Banjali linkachita lendi kachipinda kakuseri kwa nyumba ina ku Pretoria West, ndipo mayiwa ankakazinga masamusa n'kumagulitsa pageti.

Pamwamba pa kabati panali kathanki kagalasi ka tinsomba tamichira yamawangamawanga. Kanali ka bamboyo. Mayi Sumaya sankakakonda. Ankati nsomba yosadyedwa imangotha malo m'nyumba, a Aziz n'kumangoseka uku akupukuta galasi lawo.

A Aziz sanadwale nthawi yaitali. Anaikidwa ku Pretoria komweko, abale akulira pafoni. Kenako mayiwa analowa eda, nthawi imene mkazi wa Chisilamu amakhala panyumba akafedwa mwamuna. Anthu obwera kudzapepesa anayamba kuchepa, mpaka m'chipindamo munatsala iwo ndi nsombazo basi.

Anasuntha thankiyo n'kuiika pawindo kuti tinsomba tiziothako dzuwa. Getsi la pamwamba pake sankalizimitsa. Nthawi iliyonse imene amwa tiyi, ankatiwazira chakudya, poti tinkabwera pagalasi kukamwa kuli yasa, iwo n'kumamva chisoni. Posakhalitsa galasi linachita ndere, miyala ya pansi inamera ubweya wobiriwira, madzi nawo anada ngati msuzi wa masamba. Tsiku lina kansomba kamodzi kanayandama mimba ili m'mwamba.

A Elube, Mkhristu wa ku Ntcheu wokhala chipinda choyandikana nacho, anawapeza atagwira sopo ndi siponji ya mbale, misozi ili mbwembwembwe.

"Eish, amake Shafi, sopoyo ikani pansi," anatero a Elube. "Mupha zonse."

"Achemwali, bambo anandisiyira zamoyo, ine zikundifera m'manja. Nditaya madzi onsewa, nditsuke bwinobwino."

A Elube ankagwira ntchito yam'nyumba ku Brooklyn, dera lina la mu Pretoria momwemo, komwe abwana awo anali ndi thanki yaikulu. Sankadziwa zambiri, koma ankaona zimene abwanawo ankachita Loweruka lililonse, ndipo anali atadzudzulidwapo chifukwa chotsegula makatani a pafupi ndi thankiyo. Anawauza anzawowo kuti ndere imakula ndi kuwala komanso chakudya chotsalira, ndiponso kuti kutaya madzi onse nthawi imodzi kumadwalitsa nsomba.

Awiriwo anabwezera thanki pakabati. Anapala galasi ndi khadi lakale lapulasitiki, natunga madzi pang'ono ndi kapu mpaka anatsika ngati chikhatho. M'kabati anapezamo kabotolo kamene a Aziz ankadonthezera m'madzi apampopi pofuna kuchotsa mankhwala opweteka nsomba. Atathiramo madzi atsopano, a Elube anafunditsa thanki yonse chitenje.

"Isaone kuwala masiku angapo. Chakudya musazipatse kaye."

"Zigone ndi njala, mumdima?" anafunsa Mayi Sumaya.

"Sizifa. Inuyo ndiye mudye, mwaonda."

Masiku amenewo anali owawa. Mayiwa ankangomva kampope ka mpweya ka m'thankimo kakulira kuseri kwa chitenje. Kangapo konse anafika pogwira nsonga ya nsaluyo, koma ankabweza dzanja. Posowa choyang'ana, anatulutsa zovala za malemu zimene ankaopa kuzikhudza, nazichapa, nazipinda kuti munthu wopita kumudzi adzazitenge.

Atavundukula, madzi anali atayerako, ngakhale ndere ina inakakamirabe m'makona. Sinathe msanga. Inkabwerera, iwo n'kumapala. Anazolowera kuyatsa getsi chakumasana n'kulizimitsa akaswali Isha, pemphero la usiku, kuwaza chakudya kamodzi patsiku, kongotsina ndi zala ziwiri, ndi kusintha madzi pang'ono sabata iliyonse. A Elube anawabweretsera nkhono ziwiri zodya ndere ndi timitengo tam'madzi timene abwana awo anadulira. Nkhono imodzi inafa, inayo inakula.

Eda itatha, achimwene awo anaimba foni kuti abwerere kumudzi. Mayi Sumaya anayankha kuti ayembekeze kaye, ana akadali pasukulu ndipo wowathandiza ndi iwo okha tsopano. Anayambiranso kukazinga masamusa, ndipo a Elube anawapezera ganyu yochapa ku Centurion masiku awiri pasabata.

M'mawa wina, Mayi Sumaya akupukuta galasi asanathamangire takisi, anaona tinthu tating'ono ngati nsonga za singano tikubisala m'masamba. Anayandikira, nayang'anitsitsa. Tinali tiana ta nsomba. Anagogoda khoma mwamphamvu.

"Achemwali! Tabwerani mudzaone kuno!"

A Elube analowa nsapato ili kuphazi limodzi, ndipo tsiku limenelo onse awiri anachedwa kuntchito.