Mayi Vainess ndi Ana Otopa a ku Markham

Mayi Vainess Kadzakumanja, amene mphakati wathu unawaperekeza ku manda mwezi wathawu, anabadwa mu 1951 ku Bembeke, m'boma la Dedza. Anali oyamba kubadwa m'banja la alimi a kachewere. Ali ndi zaka khumi, mng'ono wawo wakhanda anamwalira ndi chikuku, ndipo mayi awo analowa m'nyumba osatulukanso pafupifupi chaka chathunthu. Sankalira, sankayankhula, ankangoyang'ana khoma. Ena m'mudzimo ankati awalodza, ena ankati ndi ulesi chabe. Vainess ankalawirira ku Misa, pobwera n'kuwasambitsa mayi akewo kumaso, kenako n'kukhala pambali pawo mpaka dzuwa litapendeka. Sukulu anailekezera pomwepo, mu Sitandade 5. Mayiwo anadzakhalanso bwino pang'onopang'ono, ndipo Vainess sanamvekepo akudandaula za sukulu imene inamuthawa.

Atakula anakwatiwa ndi Bambo Bester Kadzakumanja, mphunzitsi wa masamu, ndipo anadalitsidwa ndi mwana mmodzi, Lilian. Mu 1994 banjali linasamukira kuno ku Canada. Mayi Vainess anapeza ntchito kunyumba yosamalira okalamba ku Scarborough, komwe ankasambitsa ndi kudyetsa anthu amene ngakhale ana awo anali atatopa nawo. Chingerezi anachiphunzira kumeneko, pakamwa pa nkhalambazo. Lamulungu lililonse tinkawaona pa benchi ya kumbuyo, chitenje cha Amayi Akatolika atachimanga pamwamba pa jekete, sinowo, chipale chogwa m'nyengo yozizira, akusungunuka pa nsapato zawo.

Bambo Bester anamwalira mu 2012. Lilian anali atakwatiwa ku North York, choncho nyumba yawo ya ku Markham inangoti zii. Mnansi wina anauza Mayi Vainess za bungwe lina limene limafunira malo ogona ana a sekondale ochokera ku China, amene makolo awo amawatumiza kudzaphunzira kuno okhaokha. Lilian sanagwirizane nazo.

"Amami, chinenero chawo simuchidziwa, zakudya zawo simuzidziwa. Muzikhala nawo bwanji?"

"Mwana akakhala ndi njala kapena akatopa, sipafunika womasulira," anayankha motero.

Ana oyamba anabwera, n'kumaliza sukulu, n'kupita. Anali aulemu, osavuta, ndipo kusavutako n'kumene kunkawadetsa nkhawa Mayi Vainess. M'nyumba muli achinyamata koma simukumveka kuseka. Akaweruka kusukulu ankathamangira ku maphunziro ena apadera, Loweruka chimodzimodzi. Foni ya kwawo ikalira, funso la magiredi linkabwera moni asanathe. Mayi Vainess sankawaweruza makolowo. Ankati, "Munthu wotumiza mwana wake yekhayo kutsidya kwa nyanja ndiye kuti wamukonda kwambiri. Kungoti chikondi nachonso chimalemera."

Mu 2016 kunabwera mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, dzina lake Yutong, wa ku Nanjing, mwana yekhayo kwa makolo ake. Chaka choyamba ankakhoza kwambiri. M'nyengo yozizira ya chaka chachiwiri, magiredi ake anatsika pang'ono, pang'ono penipeni, koma mtsikanayo anasinthiratu. Ankasanza m'mawa asanapite kusukulu. Tsitsi lake linkadzaza m'bafa. Tsiku lina aphunzitsi anaimba foni kufunsa chifukwa chimene sankafikira m'kalasi, ndipo zinadziwika kuti ankatuluka ndi chikwama n'kumangozungulira pa basi mpaka nthawi yoweruka. Zimenezi zitaululika, anadzitsekera kuchipinda.

Mayi Vainess anamuona tsiku lina chitseko chitatseguka pang'ono: anali atakhala pabedi, akuyang'ana khoma, osalira. Maso amenewo anali atawaonapo ku Bembeke. Sanagogode mwaukali, sanamulalikire. Anapempha tchuthi kuntchito, n'kuika mpando pafupi ndi chitsekocho. Masana onse ankakhala pamenepo, kusoka kapena kupemphera kolona chamumtima, kuti mwanayo azimva kuti kunja kuli munthu.

Tsiku lina anaphika phala la mpunga lothira nsinjiro, monga timaphikira odwala kwathu, n'kuliika pakhomo. Patapita nthawi chitseko chinatseguka. Yutong ananyamula mbaleyo, n'kuinunkhiza.

"Anti, agogo anga ankandiphikira phala ngati ili ndikadwala," anatero m'Chingerezi, mawu ali pansipansi. "Koma iwo ankathira jinja."

"Mawa tithira jinja, mwanangu."

Anadya masipuni angapo ali chikhalire pansi, pambali pa mpando uja. Kenako anati, "Ndikamagona ndimalakalaka nditapanda kudzuka. Makolo anga anadzimana zonse chifukwa cha ine. Ine kulibe, akanapuma."

Ambiri a ife tikanati, "Usamatero," n'kusintha nkhani. Mayi Vainess anaika kolona m'thumba, n'kumufunsa mosapita m'mbali ngati anaganizapo zodzipha. Mtsikanayo anagwedeza mutu kuvomera.

"Wachita bwino kundiuza. Vala nsapato, tikupita kuchipatala limodzi, ndipo sindikusiya wekha kumeneko."

Madokotala anamugoneka masiku angapo, n'kunena kuti akudwala matenda ovutika maganizo ndi nkhawa, matenda amene ali ndi chithandizo ngati ena onse. Koma kwa Mayi Vainess mavuto anayambira pomwepo. Makolo a Yutong anakwiya kuti mwana wawo wachititsidwa manyazi. Bungwe lija linasamutsa mwana wina amene ankakhalanso m'nyumbamo, ndipo silinawatumizirenso wina. Ngakhale mu mphakati wathu muno munali ena amene ankati zimenezo ndi ziwanda, zofunika kusala kudya osati mapiritsi. Mayi Vainess sanakangane ndi munthu. Atafunsidwa pa msonkhano wina anangoti, "Mwendo ukathyoka timaupempherera tili panjira ya kuchipatala. Mutu nawonso ndi chiwalo, ndipo dokotala anamulenga ndi Mulungu yemweyo."

Posakhalitsa mayi a Yutong, Mayi Zhou, anafika kuchokera ku China. Analowa m'nyumbamo nkhope ili gwa, jekete osavula. Mayi Vainess anapanga tiyi, ndipo monga mwa mwambo wa kwathu, anagwada pansi pomupereka. Mlendoyo anadzidzimuka, poti sanayembekezere kuti munthu wa imvi angamugwadire. Chinenero chofanana analibe, choncho anaika foni yomasulira mawu pakati pawo patebulo.

"Mwana wanga si wamisala," anatero Mayi Zhou.

"Si wamisala, mayi. Watopa. Amakukondani kwambiri moti akuopa kupuma, kuti angakukhumudwitseni."

"Inu mukudziwapo chiyani za mwana wanga?"

Pamenepo Mayi Vainess anafotokoza za mayi awo, nkhani imene ngakhale Lilian anali asanaimvepo: za khanda lija, za khoma lija, ndi mmene mudzi wonse unkanong'onera. Foniyo inkamasulira mokhotakhota, koma mlendoyo anamva. Kenako anavula jekete. Ananena kuti nawonso anali ndi mchimwene wawo amene analephera mayeso olowera kuyunivesite n'kusiya kuyankhula, ndipo kwawo dzina lake silitchulidwa. Amayi awiriwo analira limodzi, foni ili chete patebulo. Madzulo a tsikulo Mayi Zhou anakwera kuchipinda kwa mwana wawo, ndipo kwa nthawi yoyamba sanafunse za sukulu.

Yutong anapuma chaka chimodzi, akumwa mankhwala ndi kuonana ndi mlangizi. Masiku ena zinkabwerera m'mbuyo, ndipo Mayi Vainess sanamunamizepo kuti zatheratu. Anadzamaliza sekondale, n'kuphunzira zosamalira mitengo ndi maluwa, ntchito imene akugwira mpaka lero.

Bungwe lija linali litawatsekera khomo, koma ana okha anayamba kubwera. Yutong anauza mnzake, mnzakeyo n'kuuza wina. Lachisanu lililonse akaweruka, khitchini ya Mayi Vainess inkadzaza ndi ana a Chitchaina, ena obadwira konkuno, ena ongobwera kumene. Lamulo linali limodzi lokha: patebulopo sipakambidwa za magiredi. Ena ankasenda anyezi, ena ankangogona pa sofa. Amene ankaoneka kuti zamulemera, Mayi Vainess ankamuperekeza okha kwa mlangizi wa kusukulu kapena kwa dokotala, pa basi, ngakhale maondo anali atayamba kuwavuta. Sanakakamize mwana aliyense kulowa tchalitchi. Koma m'mawa uliwonse ankawatchula mmodzimmodzi m'pemphero, ndipo maina ambiri ankawalakwitsa moti anawo akamva ankafa nazo kuseka. Mayi Vainess ankati, "Musiyeni Mulungu akonze yekha, akukudziwani."

Chaka chatha anawapeza ndi khansa ya m'chiwindi. Anailandira nkhaniyo modekha, ndipo Lachisanu anapitiriza kutsegula khomo mpaka pamene sankathanso kuimirira. Sabata yawo yomaliza anali m'chipatala ku Scarborough. Anamwino ankadabwa kuona achinyamata a Chitchaina akusinthana pa bedi la mayi wa ku Malawi, wina kuwanyowetsa milomo, wina kuwasisita mapazi. Namwino mmodzi anafunsa Lilian kuti anthuwa ndi ndani, ndipo iye, amene poyamba ankakana zonsezi, anayankha kuti ndi azing'ono ake ndi alongo ake.

Lachinayi masana bambo mfumu anawadzoza mafuta a odwala ndi kuwapatsa Ukaristia. Atamaliza, Mayi Vainess anakodola Lilian ndi Yutong. Onse anaweramira pafupi, poganiza kuti akufuna kutsanzika. Koma iwo ankaganizira za mnyamata wina, Haoran, amene anali atangoyamba kumene kubwera Lachisanu ndipo anali asanayankhulepo ndi munthu.

"Haoran ali ndi mayeso sabata yamawa," ananong'ona. "Wina amuimbire foni. Musamufunse mmene walembera. Mumufunse ngati wadya."

Amenewo ndiwo anali mawu awo omaliza. Anatseka maso kolona ili m'manja, ndipo dzuwa lisanalowe anamwalira mwakachetechete, ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zitatu.

Haoran anaimbiridwa foni. Anali asanadye, ndipo Yutong anakamutenga. Ambuye amene anawatumikira mwa ana a eni awalandire Mayi Vainess m'kuwala kwawo kosatha, ndipo ife otsalafe atipatse maso oona mwana wotopa asanagwe.