Makapisozi Amene Ndinawagulira Amayi

Amayi anayamba kuvala malaya a manja aatali chaka chimene bambo anamwalira, ndipo tonse tinkangoti ndi za maliro. Koma tsiku lina nditafika kwathu ku Chisepo ndinawapeza akuthothola mtedza pakhonde atapinda manja a malayawo. Pazigongono panali zigamba zokhuthala, zotuwa pamwamba, zofiirira m'mbali. Akakanda, timamba toyera tinkayoyokera pachitenje. Atandiona anatsitsa manjawo msangamsanga.

"Zayamba liti zimenezi, amayi?"

"Aa, n'zakale, aphunzitsi. M'mawondomu zilimonso, ndi m'mutu momwe."

Ankandiitana choncho chiyambireni ntchito yanga pasukulu ina pafupi ndi Mponela. Mwa ana awo onse ndine ndekha amene ndinapita patali ndi sukulu, motero chimene ndanena ine pakhomo paja sichinkatsutsidwa.

Mlongo wanga wamng'ono, amene amakhala nawo pamudzipo, anandikokera kuseri kwa nkhokwe. Anandiuza kuti amayi anadzipatulira beseni lawo ndi sopo wawo, kuti anasiya kubereka mdzukulu wawo kumsana, ndiponso kuti kulimana, kagulu kawo ka mapemphero ka kutchalitchi, sakupitako chifukwa mayi wina ananong'oneza mnzake kuti mwina ndi khate. Mankhwala a zipere anali atayesa, azitsamba anali atayesa.

Ndikanangowatengera kuchipatala tsiku lomwelo. Koma ndinali ndi mayeso oti ndichonge, ndipo ndinkaona ngati nkhaniyo ndi yaing'ono. Pobwerera ndinalowa m'kasitolo kena kogulitsa mankhwala. Wogulitsayo anamvetsera pang'ono chabe, n'kunena kuti amenewo ndi magazi oipa, akufunika makapisozi amphamvu. Ndinagula ambiri. Pa envelopu ndinalemba bwinobwino ndi cholembera chofiira kuti azimwa katatu pa tsiku mpaka khungu litayera, ndipo ndinatumiza pa minibasi. Patatha milungu iwiri mlongo wanga ananena pafoni kuti palibe kusintha. Ndinakagula a mtundu wina, n'kuwauza kuti aziphatikiza.

Ndikawaimbira amayi ankati, "Zikusintha, aphunzitsi. Musadandaule."

Foni ya mlongo wanga inandipeza m'kalasi, ndili ndi choko m'manja. Sanandipatse ndi moni womwe.

"Achimwene, bwerani lero. Amayi agwa panjira ya kuchimbudzi."

Ndinawapeza ali pamphasa, maso atalowa m'kati, milomo itang'ambika. Atayasamula ndinaona lilime lonse litayera, ndipo m'masaya munali zilonda. Anali atatsegula m'mimba kwa masiku ambiri osauza munthu. Phala ankalephera kumeza, koma makapisozi aja ankawameza ndithu, akusisima ndi ululu. Mlongo wanga anati atazindikira anawalanda envelopuyo, koma iwo anamukalipira kuti, "Iwe ukudziwa chiyani kuposa achimwene ako?" Khungu lija linali momwe muja, mwinanso kuposa.

Munthu wina wogula fodya anatithandiza ndi galimoto yake mpaka kuchipatala cha mishoni. Anawaika dripi. Adokotala anali mayi wa msinkhu wanga, wolankhula mosathamanga. Mlongo wanga anamasula kansalu n'kukhuthulira patebulo timapepala tonse totha makapisozi. Adokotala anayang'ana timapepalato, n'kutembenukira kwa amayi.

"Amayi, mankhwala onsewa anakupatsani ndani?"

Ndinatsegula pakamwa, koma amayi ananditsogolera.

"Ndinagula ndekha pamsika."

"Nokha? Popanda wokuuzani?"

"Ndekha."

Adokotala anapukusa mutu. Anafotokoza kuti makapisozi otere ntchito yake ndi kupha tizilombo toyambitsa matenda, koma munthu akamwa nthawi yaitali chonchi amaphanso tizilombo tabwino tokhala m'mimba ndi m'kamwa, ndiye chifukwa chake kutsegula m'mimba ndi zoyera za palilimezo. Kenaka anagwira chigongono cha amayi ndi dzanja lawo, opanda magolovesi. Amayi anafuna kuubweza mkonowo.

"Musaope, sizipatsirana izi. Si khate, si zipere. Dzina lake ndi soriyasisi. Khungu lanu likungokula mofulumira kuposa muyeso, palibe kachilombo koti tiphe. Kutheratu sikutheratu, koma kumazizira mukamasamala."

Anatilembera mankhwala opaka pazigambazo, n'kunena kuti azidzola mafuta akangotuluka kubafa, asiye kukhula khungu ndi mwala, aziwothera dzuwa la m'mawa pang'ono. Anati nkhawa ndi nyengo yozizira zimatha kuzidzutsa. Potsiriza anatembenukira kwa ine.

"Inu bambo, mukuoneka kuti sukulu munapitako. Muziwayang'anira amayi anu, asamangogula mankhwala paliponse."

Ndinagwedeza mutu. Ndinati, "Chabwino, adokotala."

Titatuluka panja mlongo wanga anaima pansi pa mtengo, akupinda kansalu kaja. Sanakweze mawu.

"Achimwene, mwalola amayi anyozeke pamaso pa anthu chifukwa cha inu?"

"Anayamba okha kuyankha."

"Inu pakamwa munalibe?"

Anabwerera m'wodi, ine n'kutsala pomwepo.

Amayi anagonekedwa masiku angapo. M'mimba munatenga nthawi kuti mukhazikike, ndipo thupi lawo silinabwerere msanga. Chaka chimenecho mtedza wambiri umene unali usanakumbidwe unaonongekera m'munda posowa wokumba. Khungu lija limachita monga ananenera adokotala. Miyezi yotentha zigamba zimaphwa mpaka kutsala mabala akuda okha, koma ikafika Juni, mphepo ya kumapiri a Ntchisi ikayamba kuomba, zimabweranso, nthawi zina mpaka kung'ambika n'kumatuluka magazi. Mankhwala opaka aja nthawi zina kuchipatala sapezeka, ndiye amangodalira mafuta. Mdzukulu wawo anayambanso kumunyamula. Kulimana anabwererako patapita nthawi yaitali, ndipo amakhala kumapeto kwa mkeka.

Za chipatala tsopano amayendetsa ndi mlongo wanga. Buku lawo lakuchipatala amasunga ndi iye, ndipo akapita amandiuza atabwerako kale. Sindinamufunsepo chifukwa chake.

Kamodzi kokha ndinayesa kupepesa. Linali Loweruka masana, amayi akusankha mbewu ya nyemba pabwalo. Ndinakhala pansi pafupi nawo n'kunena kuti, "Amayi, za makapisozi aja, ndinalakwa ndine. Ndinatsala pang'ono kukuphani."

Sanadzutse mutu. Anatola nyemba yofumbwa n'kuiponyera nkhuku.

"Denga la khitchini likudontha," anatero. "Mvula isanayambe mundipezereko udzu."

Ndinadikira kuti mwina awonjezerapo mawu ena, koma anapitiriza kusankha nyemba zawo. Ndinadzuka, n'kupita kukafunsa kwa aneba ngati kuli amene ali ndi udzu wotsala.