Tsiku Limene Galimoto ya Alamu Inalira

Ndinadzuka kunja kusanache, msana utauma ndi kugona pansi. M'nyumba ya siwa azimayi anali atatopa nako kuyimba, ena akuwodzera chotsamira khoma. Bokosi la mng'ono wanga Edina linali pakati pathu. Khanda limene anasiya linali m'manja mwa mayi athu, ndipo ine ndinatuluka kukafunditsa madzi a mkaka wake.

Panja pankagwa mvula yamawawa. Azibambo anali atazungulira moto, koma alamu anga, mwamuna wa malemuyo, panalibe. Ndinawaona kuseri kwa chigafa cha fodya, tochi ili kukamwa, mutu uli m'boneti ya galimoto yawo.

Galimotoyo inali yakale, yaitali, ya mtundu uja wokoka ndi matayala onse anayi. Anaigula kwa munthu wina wa ku Dzaleka chaka chimene fodya anayenda bwino, itagwira kale ntchito m'mabungwe mpaka kutopa. Ikakhala kuti ili bwino inkafika kumene minibasi siifika, ndipo alamu ankatamandidwa nayo. Koma inkadya. Mbuzi zinapita pogula matayala. Ng'ombe zokoka ngolo zinapita pa giyabokosi. Malata amene Edina ankasonkhanitsa pang'onopang'ono anagulitsidwa masipuling'i atathyoka. Iye ankaitchula kuti mkazi mnzake, ndipo poyamba ankanena moseka.

Tsiku limene matenda a uchembere anamuyamba Edina, galimotoyo inali itakhalitsa pansi, ikudikira pampu ya dizilo yochokera ku Lilongwe. Edina anachirira pakhomo, koma magazi sanaleke. Ngolo panalibe. Anamunyamula pa machira a nsungwi kulowera kuchipatala cha ku Malomo, ndipo anatsirizikira panjira. Pampu ija inafika mawa lake pa minibasi.

Kutayamba kuyera, injini inalira. Anangoliza kamodzi, osakankha, osakhosomola. Utsi wakuda unalowa mpaka m'siwa. Nyimbo imene azimayi anali atangoyambanso inathera panjira. Mayi anafunsa kuti chimenecho n'chiyani.

Dzuwa silinaoneke tsiku lonse. Anthu ankabwera pa njinga ndi wapansi, matenanti a m'maesiteti atafunda matumba a feteleza, amvano atakweza zitenje kuopa matope. Nkhuni zinali zonyowa ndipo nyemba zinachedwa kupsa. Kumoto kuja ndinamva azimayi akunena kuti galimotoyo inkadikira magazi, n'chifukwa chake yalira lero. Wina anati zinthu za okhwima zimatero, zikadya munthu zimayenda. Sanatsitse mawu ngakhale ataona Tadala, mwana woyamba wa Edina, ataima pomwepo. Inenso sindinawaletse.

Edina tinkakamuika kwathu kumapiri, kumene kuli manda a makolo athu. Malume anali atapeza lole. Nthawi yonyamuka itakwana, alamu anabwera atasamba m'manja, oilo akadali m'zikhadabo. Anagwada n'kupempha kuti mkazi wawo amunyamule okha pa galimoto yawo. Malume anakana.

"Inakana kumunyamula ali moyo," anatero. "Lero ikumufuniranji?"

Bokosi linakwera pa lole, ife achibale titalizungulira. Alamu ankatsatira pambuyo okhaokha, chifukwa palibe anafuna kukwera nawo. Ndikacheuka ndinkaona nkhope yawo kuseri kwa galasi, waipa imodzi yokha ikupukuta madzi.

Pa mtsinje wa m'munsi mwa phiri lathu lole inatitimira. Azibambo anaika miyala ndi nthambi, koma matayala ankangozungulira, matope n'kumagwera pansalu yoyera ya pabokosi. Adzukulu anatumiza uthenga kuti m'manda mwayamba kulowa madzi. Amuna anayesa kusenza bokosi pamapewa. Atawoloka n'kuyamba chitunda, wakutsogolo anaterereka ndipo ngodya ya bokosi inamenya mwala. Ndinamva thupi likusuntha m'kati. Mayi anakuwa.

Malume anangotembenuka n'kuyang'ana kuchimanga. Alamu anatsika, napotokola tizitsulo tina pa matayala akutsogolo, nawolotsa galimoto yawo pambali pa lole ngati palibe madzi. Anapinda mipando yakumbuyo. Bokosi linalowa, chitseko chinakana kutsekeka, anachimanga ndi chingwe. Anandiuza ine kuti ndikwere ndiziligwira.

Inakwera phiri lonse osabwerera m'mbuyo ngakhale pang'ono. Anthu amene ankayimba pambuyo pathu tinawasiya kutali. Ine ndinkangoganiza za msewu wa ku Malomo, umene ndi waufupi ndiponso wopanda chitunda chotere. Ndinafuna mawu oti awalase.

"Alamu, lero ndiye ikuyenda bwino," ndinatero.

"Ndi pampu ija," anayankha.

Anayankha ngati mmene akanayankhira munthu aliyense woyamikira galimoto yawo. Patapita kanthawi m'pamene anamva zimene ananena. Mapewa awo anayamba kugwedera, koma chiwongolero sanachisiye.

Kumanda adzukulu ankakapa madzi ndi ndowa. Mlaliki anafupikitsa mawu chifukwa cha mvula. Bokosi linatsikira m'matope, ndipo dothi linkagwa mibulu yolemera. Nthawi yoika nkhata itafika, anaitana mwamuna wa malemu. Akuyandikira mtumbira, mawu ena kumbuyo anati akaiike pa boneti. Ena anaseka mobisa, ena osabisa. Alamu anaika nkhata yawo n'kuima pamenepo, manja ali lende, mpaka wina anawakoka malaya kuti apatse ena malo.

Titabwerera pakhomo pa mayi, mvula inakula. Lole inali ikadali mumtsinje. Anthu ochokera kutali anayamba kuyang'ana kumwamba, kenako kuyang'ana galimoto. Azimayi aja ankanena za magazi ndiwo anayamba kufika pazitseko. Anakankhana, wina mpaka kung'ambika bulauzi. Malume omwewo anauza alamu kuti akatule akuluakulu a mpingo. Alamu ananena motsitsa kuti dizilo watsala pang'ono, mwina anthu asonkheko kenakake. Mayi wina amene anali atakhala kale kutsogolo anafunsa ngati ayamba matola pamaliro a mkazi wawo. Alamu anathira zotsalira za m'chigubu n'kunyamuka, ena atalendewera kumbuyo. Mwamwambo alamu ankayenera kubwerera kudzagona pasiwa pamodzi ndi ife.

Madzulo anthu anatha pakhomo. Tinakolopa matope m'nyumba, n'kupinda mphasa zobwereka. Kukuyamba kuda kunafika bambo wina pa njinga. Anati galimoto yafera panjira chakufupi ndi ku Malomo, chitsulo china chapansi chaduka. Onse amene anakwera anatsika n'kumapita kwawo wapansi, palibe anatsala nawo. Alamu anati sangaisiye yokha chifukwa akuba angachotse batire ndi pampu. Agona momwemo. Ankangopempha bulangete.

Mayi anali atakhala pa bulangete la Edina, limene tinabwera nalo. Anayankha kuti pakhomo pano palibe bulangete lapadera. Tadala anavula chitenje chimene anafunda n'kuyamba kuchipinda kuti apereke. Mayi anamugwira dzanja n'kumukhazika pansi. Bambo uja anadikirabe pang'ono pakhonde, kenako anakwera njinga yake.

Palibe anayatsa nyale. Malume anali atapita kwawo, ana aang'ono atagona osasamba. Denga linkadontha pakona, madzi akugwera m'beseni. Tadala anakhala pafupi ndi chitseko, chitenje chopinda chija chili pamiyendo. Patapita nthawi anafunsa ngati abambo ake anadya chilichonse chichokereni m'mawa. Ine ndinkadziwa kuti sanadye, chifukwa ndine ndinkagawa chakudya cha azibambo, ndipo mbale yawo sindinaitumize. Ndinamuuza kuti agone.